Mawilo a Lole ya Yotamu

Ndinatsika basi ya ku Katete mbandakucha,
chikwama pachifuwa ngati mwana wodwala,
m'katimo masamba makumi atatu ndi awiri
amene ndinalemba zaka zinayi, usiku,
ndikatha kuchonga makope a ana a eni.

Lusaka sanandifunse dzina.
Anandithira fumbi la Ogasiti m'maso,
kondakitala n'kundikankhira m'minibasi
pakati pa thumba la makala ndi mayi wa nkhuku,
mpaka pachipata cha bwalo la zionetsero
pomwe anandimanga kapepala padzanja
ngati wogonekedwa m'chipatala.

M'holomo mabuku anaima m'mizere,
zikuto zili waliwali ngati mbale za paukwati.
Fungo la inki ndi guluu.
Ndinakonza kolala, n'kumeza malovu.

Pa tebulo loyamba, mnyamata wa tayi yofiira:
"Ndi la giredi chani?"
Ndinati si la giredi, ndi la mwana.
Anaseka mwaulemu, n'kundipatsa kalendala.

Pa lachiwiri, Mayi Nkhuwa, magalasi pamphuno,
anawerengadi, masamba atatu athunthu,
chala chikuyenda kunsi kwa mawu.
"Nkhani njokoma, aphunzitsi.
Koma pepala timagula ndi madola,
ndipo kholo likalowa m'sitolo
limafunsa buku la mayeso.
Mukaliika m'Chingerezi, mudzabwerenso."
Ndinathokoza. Kwathu timathokoza
ngakhale wakumana madzi.

Pa lachitatu panalibe munthu,
mpando wokha ndi mbale ya maswiti.
Ndinatengapo awiri.
Ndisaname, atatu.

Pa lachinayi anandilandira ndi manja awiri,
tiyi, bisiketi, "khalani pano, alembi,"
kenaka anatchula ndalama zoti ndilipire ineyo:
ng'ombe ziwiri ndi ngolo yake.

Pofika masana nsapato zinali zitandiluma.
Ndinakhala pa sitepe kuseri kwa holo
pomwe mayi wina ankakazinga zitumbuwa,
n'kutsegula chikwama kuti masamba apume.

Kamtsikana kake, ka yunifolomu yothina m'khwapa,
kanasuzumira paphewa langa.
"Ameneyu ndani?"
"Ndi Yotamu. Amapanga galimoto za mawaya."
Kanapukuta manja a mafuta pa siketi,
n'kukhala pansi, n'kuyamba kuwerenga mokweza,
kupunthwa pa mawu aatali, kudzuka, kupitiriza.
Pomwe ndinabisa nthabwala, kanaipeza.
Ine mpweya ndinaugwira,
ngati wasenza ndowa yodzaza.

Pa tsamba lachisanu ndi chinayi kanaima.
"Apa mwanama.
Zitsekerero za botolo si mawilo a lole,
zimapindika pamiyala.
Kwathu ku Kalingalinga timaika zitini za polishi,
n'kukulunga ndi mphira wa chubu.
Mufunse aliyense."

Zaka zinayi, matebulo anayi,
koma wondigwira bodza
ndi Mwatitha wa giredi yachitatu,
wa chipsera cha mafuta pachala.
Ndinatulutsa cholembera
n'kufufuta pomwepo, pepala lili pabondo.
Iye anayang'anitsitsa mpaka nditalemba "polishi",
n'kugwedeza mutu ngati hedimasitala.

Amake anamuitana kuti akasinthitse ndalama.
Anathamanga, n'kutembenuka ali pakona:
"Musachoke nalo! Sindinamalize!"

M'thumba mwanga muli makhadi a manambala a foni
amene mwina sadzayankhidwa,
kalendala yopindika, switi imodzi yotsala.
Mawa kuli matebulo ena,
ndipo ndidzapitako, nsapato zomwezi.
Mlongo wanga ku Chawama waimba kale kawiri,
akuti ndifulumire, minibasi zimavuta kukada.

Dzuwa lapendekera cha ku Matero,
m'holo akupinda nsalu za pamatebulo,
mlonda wandiyang'ana kachitatu.
Ine ndidakali pa sitepe,
chala pa tsamba lakhumi,
kumusungira malo mwini buku.