Muyeso wa Itatí

Ndinayamba kumudziwa ndi tepi,
maso anabwera pambuyo.
Woning'a pakati ngati mavu,
phewa lamanzere lotsikirako chala chimodzi
chifukwa cha chikwama chomwe anabwera nacho
kuchokera ku Resistencia, usiku wonse pa basi.
Dzina? ndinafunsa, mapini ali kukamwa.
Itatí Barrionuevo.
Lalitali, ndinatero, silikwana pa chikwangwani.
Adzachikulitsa chikwangwanicho, anandiyankha.
Ndinatsala pang'ono kumeza pini.

Chaka choyamba anali mtembo.
Sindikunama: m'sewero la Oszlak
ankagona pansi mphindi makumi anayi
atafunditsidwa nsalu yomwe ndinasita ndekha,
anzake akumulira mokokomeza.
Tsiku lina fumbi la pa siteji linamulowa m'mphuno,
mtembo unayetsemula,
holo yonse inafa nalo phwete
mpaka oyenda mumsewu wa Corrientes anaima.
Oszlak anamudula malipiro a sabata.
Iye anatsikira kukachipinda kanga ka kunsi kwa masitepe,
anamwa mate wanga wozizira kale,
nati: Nélida, mwamva? Ndine ndawaseketsa.

M'mawa pamzere wa oyesedwa, nambala pachifuwa,
masana kuperekera khofi ku Almagro.
"Zikomo, tikuimbirani."
Foni ili duu.
Kenaka a pa wailesi ya kanema anamuveka epuloni
ndi kumupatsa mawu anayi okha:
"Bwana, galimoto yafika kale."
Anawanena m'njira khumi ndi ziwiri
ine ndikupinda mpendero,
mpaka galimotoyo ndinayamba kuimva panja.

Zoti amaimba sitinkadziwa.
Julaye wina, chisanu chikuboola mafupa,
mwini nyimbo anasasa mawu
kutatsala ola kuti chinsalu chitsegulidwe.
Diresi lake lobiriwira linali la munthu wathupi.
Ndinalibweza ndi mapini makumi atatu, Itatí ali momwemo.
Ina inamubaya m'nthiti. Sananene.
Anaimba.
Ine sindinaone, malo anga ndi kuseri,
koma mnyamata wokoka zingwe anaiwala chingwe chake,
ndipo ku mipando sikunamvekenso chifuwa,
mu Julaye, mu Buenos Aires!
Nditamuvula, m'kati mwa diresi munali kadontho ka magazi,
kochepa ngati njere ya mphodza.
Sindinakachape.

Chikwangwani anachikulitsadi.
Zilembo khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimayaka usiku,
kupatula R mmodzi amene babu lake linapsa.
Pa filimu nkhope yake imaposa khoma la nyumba yanga.
Ndinagula tikiti ngati wina aliyense,
ndinakhala kumbuyo.
Anthu ankayang'ana misozi yake,
ine ndinkayang'ana kolala:
wina anaisoka mothamanga,
wosadziwa za phewa lamanzere.

Akuti sagona. Akuti Madrid ikumufuna.
Akuti wasintha, amalankhulira
mwa mnyamata wina wa mafoni awiri.
Kaya.
Anthu a mumsewu uno amakukweza mumtengo
kuti akuone bwino pogwa.

Dzulo ndikuti nditseke, masitepe analira.
Magalasi akuda, chipewa chofika m'maso,
m'manja chovala chokulunga m'pulasitiki.
Lachisanu akandipatsa mphoto, anatero,
koma ichi chikundikokera mbali imodzi.
Sindinafunse za Madrid.
Ndinatenga tepi.
M'chiuno mwaonjezeka zala ziwiri; chabwino, ukudya.
Phewa lili pomwe paja.

Anasuzumira chikho changa, anamwa osapempha,
kenaka anayamba kuimba chapansipansi
kanyimbo ka kwawo ku Chaco,
kaja amaimba akakhala ndi mantha.
Ndinamusiya afike pakati.
Imirira bwino, ndinatero, mapini ali kukamwa,
ndipo utseke pakamwapo.
Ukamapuma choncho
mpendero umapotoka.