Chaka Chowonda

Ku Huaraz, m'chipinda chozizira cha kuseri,
ine ndimacheka ayezi.
Magolovesi awiri dzanja lililonse,
macheka, pensulo, ndi mphuno yochucha.
Ayeziyo tinamuboola pansonga ya phiri mu Julayi,
wowonda ngati mkono, wautali kuposa tchalitchi,
n'kutsika naye pa abulu usiku
kuti dzuwa lisamunyambite.

Chaka chilichonse chinasiyamo mzere:
woyera wa nyengo yachipale, wakuda wa nyengo yafumbi.
Ndimawerenga chobwerera m'mbuyo.
Apa bambo anga anabadwa.
Apa kunalibe msewu.
Apa phulusa, phiri lina litaphulika kum'mwera.
Ndipo pansi pa phulusalo, zala zitatu,
pali chaka chowonda ngati chikhadabo.
Fumbi lokhalokha.

Pamwamba, m'chipinda chofunda,
Nélida Ccallo amaweta dziko m'kompyuta.
Amalipatsa dzuwa, mchere wa m'nyanja, utsi wa mapiri,
n'kulisiya lizungulire usiku wonse.
Kukacha laswa mayiko zana limodzi,
ana a bere limodzi koma nkhope zosiyana:
ili mvula mpaka m'khosi, ilo ming'alu m'munda.
Onse akanatheka.
Palibe likudziwa kuti linakhalako ndi liti.

Ayezi wanga anaona ndi maso,
koma anaonera pa phiri limodzi,
monga mboni yosuzumira pa kabowo ka chitseko.

Choncho Nélida amaitana mboni zina.
Matope a pansi pa dziwe, odzaza mungu wa udzu.
Chibenthu cha korali chochokera kunyanja yaikulu.
Kaundula wa wansembe wina, wodyedwa ndi njenjete,
yemwe analemba mtengo wa makandulo
tsiku limene mudzi unayenda osavala nsapato kupempha mvula.
Ndi thabwa la mtengo wa kwenyuwa,
lomwe Wílber anatumiza pa basi kuchokera ku Bolivia
atalikulunga m'juzi.
Dziko lotsutsana ndi mbonizi limabwezedwa kumbuyo.
Logwirizana nazo limasendera kutsogolo.
Mlandu suwola, ngakhale wa zaka mazana anayi.

Koma Lachinayi mtengo unakana.
Pa chaka changa chowonda, iwo unanenepa.
Ndinati mtengowo ngwabodza, unamera pa kasupe.
Nélida anapukuta magalasi, osandiyang'ana.
Anati, kawerengenso.

Ndinatsika ndi mkwiyo wanga m'kuzizira muja,
masiku awiri, mzere ndi mzere, tochi kukamwa.
Pa mita ya makumi asanu ndi limodzi ndinapapeza:
zaka ziwiri zinakumbatirana,
madzi osungunuka atafufuta malire,
ine n'kuziwerenga ngati chimodzi.
Wabodza ndinali ine.
Nditasuntha chaka chimodzi chokha,
mtengo, matope ndi wansembe
anayamba kulankhula chinthu chimodzi.

Mapu atatuluka, chilala chinaoneka chofiira
kuyambira m'mapiri mpaka m'zigwa
zomwe palibe anaboolako kapena kulembako kalata.
M'mphepete mwake munali chifunga chotuwa.
Ndinafunsa ngati sitingachichotse.
Ayi, anatero, pamenepo ndi pomwe sitikudziwa,
napo palembedwe.

Madzulo ndikupita kwathu ndinayang'ana phiri.
Pomwe tinamanga hema pakuoneka thanthwe lakuda,
ndipo mtsinje wa Santa ukusokosera kunja kwa nyengo yake.
Chipale cha chaka chino chasungunukira m'cha chaka chatha.
Madzi akatayika saoleka.
Wina akadzawerenga ndi pensulo yake,
ngati kudzakhale choti awerenge,
ife adzatidumpha,
osadziwa n'komwe kuti wadumpha.

Usiku magetsi anazima.
Ndinathamanga ndi patapata kukaliza jenereta.
Inakana kawiri.
Mu mdimawo, kuseri kwa chitseko chachitsulo,
ndinaimirira chingwe chili m'manja,
kumvetsera ngati china chake chayamba kudontha.