Chikhadabo m'Bokosi la Machesi

Fungo ndilo linayamba kutuluka
ndisanamalize n'kutsegula kabotolo.
Linatsika masitepe, n'kukagogoda kwa anthu apansi.
Wanderlei anakuwa ali m'bafa:
“Ivonete, ukupha mphemvu kapena ife?”
Ndinakokera tebulo pawindo,
pomwe kamphepo ka ku Recife
kamalowa kakafuna, kakakana kakana.

Zonse ndinagula Loweruka, malipiro atangolowa:
ufa wa akiriliki, madzi ake onunkhawo,
burashi yaubweya, matupa awiri,
ndi dzanja la labala lopanda mwini
limene wogulitsa anandikulungira m'nyuzipepala
ngati nsomba.

Viika burashi. Pukuta mbali imodzi.
Khudza ufa, werenga mpaka katatu.
Kamkanda koyamba kanali madzi okhaokha,
kanayenderera mpaka pamfundo ya chala.
Kachiwiri kanauma gwa ndisanakakhazike,
kutentha kwa Febuluwale sikudikira wophunzira.
Kachitatu kanakhala, inde,
koma ngati chiswe chayambapo chulu.
Ndinapala, n'kupala,
fumbi lili mbuu pa nsidze, pa buledi, pa mphaka.

Dzanja la labala silidandaula,
ndipo vuto lake ndi lomwelo.
Ulipale mpaka pa mnofu, lili chete.
Sabata zitatu ndinalikongoletsa usiku
nditaweruka kogulitsa matikiti a basi,
ilo osathokoza, osatukwana.

Ndiye kunabwera Dona Zuleide wa khomo loyang'anana nalo,
amene amakolopa m'chipatala kuyambira ndisanabadwe.
Anaika manja awo patebulo ngati katundu wobweza kusitolo:
khungu lodyeka ndi mankhwala ochapira,
zikhadabo zolumidwa mpaka m'munsi.
“Lamlungu kuli dansi,” anatero,
“ndipo kuli mwamuna wina wamasiye amene ndikufuna andione.”

Dzanja la munthu limatentha.
Palibe anandiuzapo zimenezo.
Limanjenjemera, limatuluka thukuta,
limafuna kukanda mphuno pakati pa ntchito.
Pa chala chachinayi tupa linaterereka,
kadontho ka magazi kanatuluka pambali, psuu.
Ndinagwira mpweya.
Iwo anangoyamwa chalacho n'kundibwezera:
“Ndaona magazi ochuluka kuposa awa
ndisanamwe n'khofi yemwe. Pitiriza.”

Maola anayi.
Mpira unayamba pa wailesi n'kutha.
Burashi inauma kawiri, ndinaitsuka ndikutukwana chamumtima.
Zikhadabo khumi, palibe ziwiri zofanana:
china chonenepa, china chokhota ngati chamva kuitana kumanzere,
cha chala chachikulu chotakata ngati supuni.
Ndinazipaka utoto wofiira kuti manyazi abisike.
Iwo anazitambasula pansi pa babu,
anaziyang'ana nthawi yaitali,
osanena kanthu.

Lachiwiri anagogoda.
M'bokosi la machesi munali chikhadabo chimodzi,
chofiira, chonyowa, chonunkha sopo.
“Chinagwera m'ndowa, ku wodi ya ana.
Zisanu ndi zinayi zikadalipo.”
Ndinachitembenuza: kunsi kwake kuli see,
sichinagwire n'komwe.
Ndinali nditaiwala kuchotsa mafuta pa chala chija,
chija chinatuluka magazi,
chimene ndinachita nacho mantha kuchikhudzanso.

“Nanga wamasiye uja?”
“Amavina ngati akupondaponda mphemvu.
Koma anandigwira dzanja nyimbo zitatu.”

Anakhala pampando womwe uja.
Ndinaviika burashi, kupukuta, kuwerenga mpaka katatu,
ndipo kamkanda kanabwera kozungulira, konyezimira pang'ono,
kanakhala pomwe ndinakauza kuti kakhale.
Sindinapume mpaka kanauma.

Manja anga ine akadali osapanga.
Lamanzere limakana kugwira burashi,
lamanja silingadzikongoletse lokha.
Koma m'mawa uliwonse, isanakwane faifi,
pamene Dona Zuleide akutsikira ku basi yoyamba,
ndimamva pa chitsulo cha masitepe:
ke, ke, ke, ke,
ndipo ndili m'bulangeti ndimawerenga
ngati zonse zikadalipo.