Mpando Wopanda Msomali

Unabwera pa kabaza Lachiwiri,
mwendo umodzi atauzenga ndi chitenje.
Mwini wake, a Nankhoma a ku Sunnyside, anati,
“Konzani, koma msomali ayi.”

Ine ndimakhoma mabokosi a maliro kuno ku Ndirande.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikuyeza anthu atagona chagada.
Wokhala tsonga sindinamuyezepo.

Ndinautembenuza.
Kunsi kwake kapepala kofiirira,
zilembo zovala tizipewa pamutu,
dzina lolimba ngati mfundo ya m'thabwa.
Akuti anali Mcheki, wojambula mapulani a nyumba.
Bambo awo anaugula pa okushoni
mwini atakwera sitima ku Limbe,
nyumba yomwe anadzera isanachoke papepala.

Mtengo wake unapindika ngati khosi la kakowa,
osaoneka poyambira, osaoneka pothera.
Dzuwa litapendeka ndinakhalapo.
Msana wanga, wolongolola uja,
unatseka pakamwa.

Munthu iwe, unandidziwira kuti?
Kwanu akuti madzi amauma gwa ndi chisanu,
ine thukuta lili kamukamu pansi pa malata,
koma dzanja lako wandiika pomwe pamawawa.

Ndinaboola mgolo, ndinasonkha moto,
ndinatsekera thabwa m'nthunzi.
Anyamata a pa shedi anafa nalo phwete:
“Akulu, mwayamba kuphika matabwa?
Ndiwo zake n'chiyani?”
Mlombwa unathyoka.
Wachiwiri unathyokanso, unandilasa chala.
Loweruka, magetsi atazima, mvula ikuopseza ku Michiru,
kamtengo kamene ndinkafuna kukoleza
kanalola,
kanagwada pang'onopang'ono m'manja mwanga
ngati ngamila ya m'buku la Sande sukulu.

A Nankhoma anabwera, anakhalapo osalankhula.
Anasisita mwendo watsopano,
kenako wakale.
Ndalama anapereka osanenerera.

Iwe wa dzina lovuta,
kaya unamanga nyumba zingati kwanuko,
kaya zinagwa, kaya muli mabanki,
ine ndakumana nawe m'malo aang'ono,
pakati pa mapewa ndi chiuno.

Mawa kuli oda ya bokosi, mafiti asanu ndi limodzi.
Ndidzakhoma, ana adye.
Koma papepala la thumba la simenti
ndajambulapo khosi lija ndi khala,
ndipo kuseri kwa shedi
mgolo sunazizire.