Manja Ogulitsa Mphete

Ku Seoul nkhope yanga saidziwa.
Amadziwa manja anga okha:
pachikwangwani cha m'siteshoni ya sitima
avala mphete ya ukwati wa eni,
agwira botolo la zonunkhira zimene sindinagulepo.
Wojambula amati, "Seul-bi, pinda kachala ako,"
ndimapinda, ndalama n'kulowa.

Malamulo ake ndi ambiri.
Madzi otentha ayi, sopo waukali ayi.
Ndikasamba ndisapukute mpaka kuuma gwa,
ndidzole khungu likadali lonyowa.
Dzuwa lisawapeze ali osadzola,
ngakhale kunja kuli mitambo.
Usiku mafuta okhuthala, pamwamba magolovesi a thonje,
ndimagona ngati munthu wopsa ndi moto.
Mphaka ndinapatsa mnzanga.
Chitini cha nsomba amanditsegulira mlonda wa pageti.

Loweruka lina la chisanu ndinakwera basi
kulowera kummwera, mpaka ku Tongyeong
kumene mphepo imalawa mchere.
Mayi ndinawapeza m'shedi ataima pamzere
pakati pa a Mal-sun ndi a Bok-rye,
kampeni m'dzanja, mulu wa nkhono za m'nyanja patsogolo.
Kubaya, kupotoza, kutsegula, kuponya.
Zaka makumi atatu ndi ziwiri.
Chala chawo chamkombaphala chinapindika kalekale
ndipo chinakana kuwongoka.

Madzulo ndinatulutsa kabotolo kanga.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Mafuta a mtengo wotere
uwawonongere pa khungwa la mtengo?"
Komabe anayala manja patebulo,
chagada, ngati nsomba ziwiri zotopa.

Ndinavula magolovesi.

Ndinayambira m'mphepete mwa zikhadabo
momwe mchere unakumba tingalande.
Khungu linamwa, n'kupemphanso.
Chipsera ichi? Chaka cha fizi yako ya sekondale.
Nanga ichi? Tsiku lomwe boti la bambo ako linachedwa,
maso anali kukhomo, mpeni unayenda wokha.
Ichi sindikukumbuka, anatero,
mwina ndinabadwa nacho.

Ndinapaka pakati pa zala, pamfundo zotupa,
ndinasisita chikhatho mpaka chinafunda.
Iwo anatsinzina.
Kukhosi kwawo kunatuluka kaphokoso
kamene sindinakamvepo kwa mayi anga.

Potembenuza dzanja lamanzere
chikhadabo chawo chong'aluka chinandikala.
Kamzere kofiira kuseri kwa dzanja langa,
kutalika kwake ngati njere ziwiri za mpunga.
Anadzuka mpando n'kugwa.
"Ndakuphera ntchito, mwana wanga!
Lolemba uwauza chiyani?"
Anathamangira mankhwala, thonje, madzi ozizira,
manja akuterera ndi mafuta anga omwe,
botolo lililonse likuwapulumuka.

Ndinawakhazika pansi.
Ndinati, tisanamalize dzanja ili palibe wochoka.

Lolemba wojambula anang'ung'udza,
anathira paudala, anasuntha nyali,
chotsalacho anafufuta pakompyuta.
Pachikwangwani chatsopano palibe chikuoneka.
Manja a mtsikana amene sanatsukepo mbale
akupatsa mzinda wonse mphete yagolide.

Kabotolo ndinakasiya pawindo la kukhitchini.
Pafoni amati akudzola usiku uliwonse.
A Bok-rye anandinong'oneza zoona zake:
amapita nako kushedi m'thumba la epuloni,
nthawi yopuma kamayenda mzere wonse,
dontho limodzi limodzi,
ndipo amayi khumi ndi anayi amanunkhiza zala zawo
asanavalenso magolovesi a labala.