Mtengo Wozondoka

Ofesi ili pansanjika yachitatu, msewu wa Lumumba uli pansi,
malole akubuula, fumbi la Okutobala likukanda zenera.
Andipatsa ntchito yobzala mtengo m'kompyuta,
mtengo wozondoka, mizu kumwamba, masamba pansi.

Pamwamba penipeni kabokosi kamodzi: kampani.
M'munsi mwake nthambi zitatu, Lusaka, Kafue, Chipata.
Nthambi ibala madipatimenti,
dipatimenti ibala mipando,
ndipo zonse zikakhazikika
m'pamene munthu aloledwa kukhala.
Anatero mnyamata wotiphunzitsa uja,
akutafuna chingamu:
mpando sufa, mayi, amafa ndi anthu.

Ndalowetsa anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi.
Aliyense nambala ya reji, tsiku lobadwa, giredi,
thumba lotulukamo malipiro ake,
ndi dzina la womulamula. Limodzi basi.
Mutinta wa ku akaunti walowa ngati ulusi pasingano.
Sitali wa kosungira katundu walowa.
Mapasa a ku Kanyama andivuta pang'ono,
makina amawayesa munthu mmodzi
wofuna kulandira kawiri.

Koma a Nkhuwa akukanika kulowa.

Mbandakucha amatsegula geti, ndiye kuti ndi a chitetezo.
Magetsi akathima amadzutsa jenereta
ndi sipanala ndi mawu onyengerera, ndiye kuti ndi a zokonza.
Masana ali ku Kamwala ndi makalata m'khwapa.
Maliro akagwa ndi iwo amayenda ndi kope la chipepeso,
ndi iwo amadziwa kanjira ka ku Chawama
kokhotera pa mpopi wakufa.

Makina akufunsa: bwana wawo ndani?
Ndafunsa mabwana atatu.
Aliyense akuti ndi wanga ameneyo,
mpaka nditatchula za thumba la malipiro.
Apo onse akumbukira mafoni awo.

Pagalasi patuluka mawu ofiira: uyu ndi wamasiye.
Munthu wa imvi, wa zidzukulu zisanu ndi chimodzi,
zaka makumi awiri ndi zitatu pageti lomweli.

Chapafupi pali kabokosi koyera,
mpando wa a Tisauke, tinawaika m'manda mu Juni.
Mpandowo uli bwinobwino.
Uli ndi giredi, uli ndi bwana, uli ndi bajeti ya chaka chamawa.
Ndimaupewa ndi kamuvi
ngati ndikulambalala mtumbira watsopano.

Kwatsala pang'ono kuti iwombe folo, magetsi zii.
Mtengo wonse walowa mumdima ndisanausunge.
Mutinta watukwana m'Chitonga.
Kenaka pamasitepe ndamva nsapato zija,
imodzi yokhulula pansi,
kutsika, kutsika,
chitseko chachitsulo, chifuwa cha dizilo,
kukhosomola kawiri, kachitatu n'kugwira.
Galasi layera.
Kampani, nthambi, madipatimenti, mipando,
zonse zabwerera pamalo pake
kudikira ine.

Atulukira pakhomo akupukuta manja ndi kansanza.
Mwandiika pati, mayi, mumtengo mwanumo?
Ndati ndikadakonza, bambo.
Aseka. Akuti bola pasakhale padzuwa.

Malo olembapo udindo salola zilembo zopitirira makumi anayi.
Ndayesa: wotsegula, wodzutsa, woperekeza.
Ndafufuta.
Ndalemba wothandiza wamba, giredi yotsiriza,
ndawapachika pansi pa bwana amene sanali muofesi
kuti akane.
Kufiira kwachoka. Makina akhuta.

M'minibasi ya ku Matero takhala anayi pampando wa atatu,
kondakitala walendewera pakhomo, theka mkati, theka kunja,
akuwerenga mitu ndi chala.
Manja anga akununkha dizilo.
Sindikukumbuka kuti tinapatsana moni wa padzanja.