Kabuku ka Ngongole

Pa Kamwendo, okala yachitatu kuchokera pa mjigo,
amatsegula nkhuku zisanatuluke m'khola.
Dzina lake ndi Ndayisaba,
koma lilime lathu ndi laulesi:
timangoti kwa Mburundi.

Zaka khumi ndi zinayi tsopano.
Mwana wake Keza anabadwira pachipatala cha Mchinji,
amasewera fulaye ndi anga,
amalalata m'Chichewa chosalala kuposa changa.
Bambo ake akamuyankhula cha kwawo
iye amayankha cha kuno,
ndipo bamboyo amayang'ana pansi
ngati wagwetsa chenji mumchenga.

Pa maliro a mlamu wanga anabwera ndi thumba la ufa,
nagona panja ndi amuna anzake, mphepo ya Juni ikuluma.
Kumanda anavula nsapato asanauzidwe.
Pobwerera wina anati,
"Obwerawa akufuna malo."
Ndinaseka nawo. Ndisaname, ndinaseka.

Mawa lake ndinapita kukatenga sopo pangongole.
Anatsegula kabuku kake kothimbirira ndi mafuta,
mudzi wonse uli momwemo:
Nasimelo, shuga. Aphunzitsi Kalulumbi, makandulo.
Wonena za malo uja, feteleza theka la thumba,
chaka chachiwiri chino.
Mayina athu amawalemba osaphonya,
ndi mfunda womwe.

"Make Tiyanjane," anatero, cholembera chili m'mwamba,
"ine ndikadzafa, mudzandiika kuti?"
Ndinati sopoyo akhale wobiriwira.

Panjira ndinayesa kulitchula,
Nda-yi-sa-ba,
kamodzi, kawiri.
Silolemera n'komwe.